Zala za Baldomero

Lachiwiri m'mawa ku Valparaíso,
chifunga chisanachoke padoko,
tinamugoneka Baldomero Ulloa,
wopenta nyumba za m'mapiri a mzinda uno.
Tinadzutsa msana wa bedi mpaka anakhala tsonga
ngati munthu wodikira khofi pakhonde,
mutu tinautchinjiriza ndi malamba ofewa,
zikope tinazimata ndi tepi.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri
ineyo ndiye ndinali chogwirira.
Adokotala akati, "Kwezani," ndinkakweza.
"Potozerani kunja pang'ono." Ndinkapotoza.
"Pomwepo, Nibaldo, musasunthe."
Ndinkaima njo, maola atatu,
thukuta likuyenderera kuseri kwa bondo,
mphuno ikuyabwa pansi pa chophimba,
wondikanda palibe.
Simudziwa inu kulemera kwa mkono wa munthu wogona.
Mwini wake akachokamo
umalemera kuposa thumba la simenti lonyowa.

Tsopano kuli chitsulo.
Chinabwera chaka chatha m'bokosi lamatabwa,
chili ndi zigongono zitatu
pomwe ife Mulungu anatipatsa chimodzi.
Timachimangirira m'mbali mwa bedi,
timachiveka thumba lapulasitiki,
dzanja la wodwala timalifunditsa siponji
ngati khanda lobadwa masiku asanakwane.
Dokotala Ibacache akaponda chopondera
chimafewa ngati khosi la tsekwe.
Akachotsa phazi chimauma gwa,
mkono n'kutsala m'malere
ngati ukuimitsa basi yomwe sidzafika.

Sichinjenjemera.
Sichiyetsemula, sichifunsa nthawi,
chilibe mwana wodikira kugeti ya sukulu.
Ndinachida mwezi wathunthu.
Kenaka ndinayamba kuchipukuta ndekha madzulo,
mfundo ndi mfundo,
monga umachitira ndi mkamwini amene wakugonjetsa ndi ulemu.

Pakanema, m'kati mwa phewa la Baldomero
munali ngati phanga lodzaza madzi,
mnofu wong'ambika ukuyandama ngati ndere,
zaka makumi anayi za bulashi pamwamba pa mutu,
makoma achikasu, makoma obiriwira,
makwerero omangidwa ndi waya.
Maso onse anali pamenepo.
Adokotala ankasoka, ulusi wabuluu ukulowa, ukutuluka.

Ine ndilibenso chonyamula,
tsono maso anga amangoyendayenda.
Anakagwera pa zala
zomwe zinasuzumira kunja kwa siponji.
Pansi pa zikhadabo panali penti yofiira
yomwe sopo wathu anailephera,
koma nsonga zake zinali zitayera ngati kandulo.
Ndinazikhudza kudzera m'gulovu. Zii.

"Lamba wathina," ndinatero.
Adokotala sanacheuke. "Masulani."
Ndinamasula pang'ono chabe,
ndipo magazi anabwerera
chala ndi chala,
monga magetsi amayakira paphiri la Cordillera dzuwa likalowa,
nyumba iyi, kenaka iyo, kenaka ya kumtunda.

Chitsulo sichinalakwe.
Chinauzidwa kugwira, chinagwira.
Kale kuzizira kotere ndinkakumva m'chikhatho
ndisanakuone n'komwe.

Atadzuka, Baldomero anafunsa
ngati adzathe kufikira pansi pa denga.
Ndinati afunse adokotala.
Anafunsanso ngati anayankhula zopusa ali m'tulo.
Ndinati ayi, ngakhale anatchula dzina la mkazi
losiyana ndi lomwe lili pafomu.

Phewa langa lamanja limalira ndikanyamula ketulo.
Usiku sindiligonera.
Dokotala Ibacache analiona pachithunzi, anapukusa mutu,
analemba dzina langa pa mwezi wa Julaye,
pakati pa msodzi wina ndi mayi wosewera tenisi.
Ndidzakhala tsonga pabedi lomweli,
chitsulo chomwechi chidzandigwira,
ndipo chidzandigwira bwino, ndikuchidziwa.

Koma dzulo ndinamukokera pambali Maite,
namwino watsopano uja wodya maapulo pamasitepe.
Ndinati, tsiku limenelo
ena onse adzayang'ane kanema.
Iwe uzidzayang'ana zala zanga.
Anaseka, anati chabwino, Don Nibaldo,
ndipo analemba ndi bolopeni pamsana pa dzanja lake.